Makilomita amene mphepo imadya

Ku Lusaka timayamba kudandaula za mphepo mu June. Kuseni kukafika madigiri 9 kapena 8, maminibasi amadzaza anthu ovala zipewa za ubweya, amai ogulitsa vitumbuwa amakumbatira mbaula, ndipo mwana wa sukulu amene wasamba madzi ozizira amayenda monyada tsiku lonse. Sindikunyoza ai. Nyumba zathu zambiri ndi za malata, pansi pa citseko pali mpata woti khoswe adutse osawerama, ndiye madigiri 8 amalumadi. Koma nambala imeneyo muisunge, cifukwa kumene ndikulembera kuno, ku Edmonton m'cigawo ca Alberta ku Canada, tsiku la madigiri 8 mu March anyamata amatuluka ndi makabudula.

Kuno caka ciliconse pali masiku amene kumazizira kufika −30, nthawi zina −40. Mbali ya firiji imene mumaikamo nyama imakhala pa −18, ndiye tsikani madigiri ena 22 kucokera pamenepo. Ukapuma, ubweya wa m'mphuno umauma n'kumakubaya. Nsidze zimamatirana. Khungu limene sunaphimbe limayamba kuonongeka mphindi 10 zisanathe. Ana anga a m'kalasi amakonda kumva kuti −40 ndi malo okhawo pamene Celsius ndi Fahrenheit zimakumana, ndipo ine ndimawauza kuti zimakumana pamalo poipa kwambiri.

Mlendo aliyense akafika mumzinda uno amadabwa ndi tuzingwe twa pulagi tolendewera kutsogolo kwa mamotoka, ndi masoketi oima pa mizati m'malo oimikapo mamotoka. Amaganiza kuti kuno onse amayenda ndi malaiti. Ambiri mwa mamotokawo ndi a petulo, ndipo kacingweko ndi ka block heater, kahita kamene kamafunditsa injini usiku kuti oilo isalimbe ngati phala la dzulo. Alberta ndi kwao kwa mafuta. Cuma ca cigawo cino cimacokera pansi, ku mcenga wa mafuta wa ku Fort McMurray ndi ku zitsime za gasi, monga mmene ca kwathu cimacokera ku migodi ya mkuwa. Munthu akagula motoka ya malaiti kuno, anthu amamuyang'ana ngati wa ku Kitwe amene akuti mawaya a pulasitiki ndiwo abwino.

Ife tinagula yathu mu 2022, petulo itakwera mtengo nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Ndinaphunzira za uphunzitsi wa sayansi ku UNZA, ndinaphunzitsa zaka zisanu ndi cimodzi pa sekondale ina ku Lusaka, ndipo kuno ndine mphunzitsi wolowa m'malo mwa amene wadwala kapena wacokapo. Foni imalira ca m'ma 06 hours n'kundiuza sukulu ya lero, mwina kumpoto kwa mzinda, mawa kumadzulo. Amake Taonga ndi nesi pa cipatala cina kumwera, makilomita 35 kucokera pakhomo, ndipo nthawi zambiri amagwira usiku. Motoka ndi imodzi, masana yanga, usiku yao. Tinacita masamu kumbuyo kwa buku la ana ndipo tinaona kuti ndalama ya petulo ya mwezi umodzi inali kupitirira imene timatumiza kwa amai ku Chawama. Zimenezo zinandiwawa. Tinapeza yogwirapo kale nchito, yopangidwa ku Korea, batire yake ya 64 kWh, papepala yolembedwa kuti imayenda makilomita oposa 400 ikadzaza. Mwini nyumba anavomera kuti tiike chaja ya 240 volts m'galaji, ndalama tinagawana.

Anzathu a ku Zambia kuno anaseka mpaka misozi. Mkulu wina, amene wakhala kuno zaka makumi awiri ndipo amayendetsa cimotoka cacikulu ca dizilo, anandigwira paphewa pambuyo pa mapemphero nati, “Aphunzitsi, munthu wokulira mu load shedding n'kukhulupirira soketi? Tidzaonana mu January.”

Anali ndi mfundo, ngakhale kuti sanali kuidziwa yonse.

Injini ya petulo ndi mbaula imene imazunguzanso mawilo. Pa mafuta amene mumathira, magawo oposa awiri pa atatu amangosanduka kutentha. Kwathu kutentha kumeneko ndi vuto, ndiye cifukwa cake mumaona kondakitala akuthira madzi mu radiyeta m'mbali mwa Great East Road, apaulendo akutukwana mkati. Kuno ndi mphatso. Woyendetsa amangotsegula kamphepo kofunda kamene injini inali kutaya kale, osalipira kanthu. Motoka ya malaiti siwononga conco. Pafupifupi mphamvu yonse imapita ku mawilo, ndipo cimeneco ndi ulemerero wake mu July ndi umphawi wake mu January. Ilibe kutentha kotaya. Ukafuna kufunda, hita imakoka mu batire yomweyo imene iyenera kukufikitsa ku nchito, ndipo poyamba kuseni imatha kukoka makilowati asanu kapena asanu ndi imodzi, ngati wayatsa masitovu a mbale imodzi anayi kapena asanu nthawi imodzi. Mamotoka ena ali ndi heat pump, makina ogwira nchito ngati firiji yotembenuza, otenga kutentha panja n'kukulowetsa mkati. Amathandiza kwambiri pa −5 kapena −10. Pa −35 panja pamakhala palibe zambiri zoti atenge.

Batire nayo ili ndi nkhani yake. Mkati mwake tinthu ting'onoting'ono ta lithium timasambira m'madzi apadera kucoka mbali ina kupita ina, ndipo kusambira kumeneko ndiko kumatulutsa malaiti. Kukazizira madziwo amalemera, monga saladi amacitira m'botolo mu June. Mphamvu imakhalamo ndithu, koma imatuluka mokakamira. Amene foni yake inazimapo pa 30 peresenti ali panja pozizira amadziwa zimene ndikunena. Coopsa kwambiri ndi kuchaja batire yozizira mothamanga. Lithium m'malo molowa m'malo mwake imaunjikana pamwamba ngati citsulo, ndipo batire imaonongeka osacirikanso. Conco kompyuta ya motoka imakana. Imayamba yafunditsa batire, kenako n'kulola malaiti kulowa pang'onopang'ono. Ngakhale kacinyengo kabwino kaja kobweza malaiti mu batire ukamatsika phiri kapena kugwira mabuleki kamacepa mpaka batire itafunda.

Onjezani mpweya. Pa −35 mpweya umalemera pafupifupi gawo limodzi mwa anayi kuposa pa madigiri 25, ndipo motoka iyenera kuukankha. Onjezani matayala a nyengo yozizira, ofewa, ogwira msewu mwamphamvu, ndi cipale cimene mawilo amapondaponda. Zonsezi zimaonekera pa nambala imodzi kutsogolo kwa siteringi. Mu July yanga ikadzaza imalemba 430. Mu November 320. Sabata yozizira kwenikweni imalemba 210, ndipo ndinaphunzira kuikhulupirira. Theka la ulendo limapita popanda wakuba.

Munthu umazolowera. Kuseni, ndisanamwe tiyi, ndimayatsa hita ndi foni motoka ikali pa chaja, kuti kutentha koyamba kucokere ku khoma. Ndikamatuluka, magalasi asungunuka, mpando wafunda. Panjira ndimatsitsa hita n'kudalira ya mumpando ndi ya siteringi, zimene zimadya pang'ono cabe, cifukwa kufunditsa msana wa munthu mmodzi n'kochipa kuposa kufunditsa mpweya wonse wa m'motoka. Jekete sindivula. Kumbuyo kumakhala bulangete, makandulo ndi fosholo, zimene woyendetsa aliyense wanzeru kuno amanyamula, wa petulo kapena wa malaiti.

Ndipo pali cinthu cimene mkulu wa dizilo uja sanandiuze. Pa −40 dizilo imagwirana ngati Vaseline, oilo imalimba, batire yaing'ono yolizira injini imafooka. Kuseni kotere mumsewu mwathu mumamveka mamotoka akukhosomola osaliza, amuna akuluakulu ataimirira ndi mawaya a jampa, ndevu zayera. Yanga ilibe injini yoti ilize. Ndimadina batani, magetsi amayaka, ndimacoka mwakacetecete. M'nyengo zitatu zozizira sinakanepo kunyamuka. Imafika pafupi, koma imanyamuka.

Ulendo wautali ndiwo umayesa mtima. Kucoka ku Edmonton kupita ku Calgary ndi makilomita pafupifupi 300 pa Highway 2, ndipo Red Deer ili pakati. M'cilimwe timafika osaima. Tsiku lina mu February tinapita ku maliro a m'Zambia mnzathu, ndipo maliro sasankha nyengo. Pa Red Deer ndinatuluka kukalumikiza chaja yothamanga, cingwe cake citauma ngati paipi ya citsulo, zala zikukana kupinda. Zimene m'cilimwe zimatenga mphindi 50 zinatenga ola ndi theka. Apongozi a mnzanga amene tinawanyamula anakhala cete nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu ngati kulibe njira yothirako petulo pang'ono.

Anthu okonda mamotoka amenewa amathamangira kuchula Norway, kumene mu 2024 mamotoka pafupifupi 89 pa 100 alionse atsopano anali a malaiti okhaokha. Ndi zoona, ndipo ndi dziko lozizira. Koma anthu ambiri a ku Norway amakhala kufupi ndi nyanja, kumene kuzizira sikufika pa kwathu kuno kawirikawiri, ndipo malaiti ao amacokera ku madamu. Odana nao amathamangira ku Chicago, kumene mu January 2024 pa TV panaoneka mzere wa mamotoka atafera pa malo ochajira. Zimenezonso ndi zoona. Ine cimene ndaona n'cakuti amene ali ndi soketi yake pakhomo amagona tulo, ndipo amene amakhala m'fulati yopanda pochajira, n'kumadalira chaja ya pamsewu ndi batire yogona panja usiku wonse, ndiye amavutika. Nanga m'mafulati otere mumakhala ndani? Obwera kumene, ophunzira, oyendetsa mataxi, anthu ngati ife caka cathu coyamba. Mnyamata wongofika kumene akandifunsa, ndimamuuza kuti ayambe wapeza soketi, motoka pambuyo.

Usiku umene sindidzaiwala ndi wa pa Ciwelu, 13 January 2024. Sabata imeneyo pa bwalo la ndege la Edmonton kunazizira kupitirira −45. Masiku awiri m'mbuyomo cigawo conse cinali citagwiritsa nchito malaiti oculuka kuposa kale lonse. Mphepo yoomba inali itaima, ndiye makina opukusa malaiti ndi mphepo anali cilili. Dzuwa linali litalowa 17 hours isanakwane. Malo ena opangira malaiti ndi gasi anali atazima. 19 hours isanakwane mafoni onse m'nyumba analira pamodzi, kulira koopsa kuja kwa cenjezo la boma. Uthenga unali wakuti malaiti atsala pang'ono kupelewera, mwina ayamba kuzimitsa madera mosinthanasinthana, ndipo aliyense azimitse zosafunikira. Pa zimene anapempha panali kusachaja mamotoka.

Ine ndi amake Taonga tinayang'anana n'kuseka kaye. Load shedding yatilondola mpaka kuno. Koma kuseka kunatha msanga, cifukwa load shedding ya pa −40 ndi nyama ina. Ku Chawama malaiti akapita, nyama imaonongeka m'firiji, wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo amataya ndalama ya tsiku, mwana amawerenga ndi toci ya foni. Ndi mavuto enieni. Kuno nyumba zimafunda ndi gasi, koma cokupizira cimene cimayendetsa mpweya wofundawo cimafuna malaiti. Akazima, nyumba imayamba kuzizira nthawi yomweyo, mapaipi a madzi amauma n'kuphulika, ndipo nkhalamba yokhala yokha ikhoza kusadzuka.

Motoka inali pa chaja, pa 35 peresenti, cifukwa masana ndinali nditayenda nayo. Pa kuzizira kotere 35 peresenti ndi makilomita 70 ndi pang'ono. Amake Taonga anayenera kuyamba nchito 23 hours. Kupita 35, kubwera 35, ndipo pakati pake motoka igone panja maola asanu ndi atatu. Masamu ake ngakhale mwana wa giredi 5 akanawaona. Chaja yathu imakoka makilowati 7, kuposa zinthu zina zonse m'nyumba kuphatikiza pamodzi.

“Atate ake Taonga, musazule,” anatero. “Ku wodi kuli odwala. Ine ndikapanda kufika, amene alipo agwira maola 16.”

Ndinati nanga onse m'cigawo akanena kuti cifukwa cao ndi cacikulu? Anati si onse amene ndi manesi. Ndinalibe coyankha pamenepo, ndipo mpaka lero ndikuona kuti tonse tinali kunena zoona. Tinagwirizana kuti tizule, tizimitse zonse, tidye buledi m'malo mophika nsima, ndipo 21 hours ikakwana zinthu zisanasinthe, tilumikizenso popanda manyazi. Taonga anakondwera ndi makandulo. Anabadwira kuno, kwa iye ndi zinthu za pa keke.

Ndinasuzumira pawindo. Nyumba imodzi ndi imodzi, magetsi a Khisimasi amene anthu anali asanacotse anali kuzima. Pambuyo pake oyang'anira malaiti ananena kuti m'mphindi zocepa cabe cigawo conse cinatsitsa mamegawati pafupifupi 200, ndipo sanazimitse dera lililonse. Cenjezo linacotsedwa 21 hours isanakwane. Tinachaja ola ndi theka, gawo lina likupita kofunditsa batire. Amake Taonga ananyamuka pa 48 peresenti, atavala ngati wopita ku mwezi, hita atatsitsa. Ku cipatala analumikiza pa soketi ya block heater, imene pa kuzizira kotere siwonjezera kanthu koma imateteza batire kuti isazizire kwambiri. Kuseni anafika pakhomo pa 11 peresenti, n'kundipatsa makiyi osalankhula, n'kukagona.

Patapita milungu isanu ndi iwiri, pa 29 February, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca kwathu ndi tsoka la dziko lonse. Malaiti a Zambia oposa magawo 80 pa 100 amacokera ku madzi, ndipo madzi a ku Kariba anali kutsika. Pofika September amai anali kuona malaiti maola ocepa cabe pa tsiku, nthawi zambiri pakati pa usiku. Nditawafotokozera za usiku wathu wa makandulo anaseka pa WhatsApp mpaka kutsokomola. “Mwana wanga, maola awiri? Ndipo sanazime n'komwe?” Ena amafuna kuti nkhaniyi ikhale yakuti azungu amamvera ndipo ife sitimva. Ine ndimakana. Vuto la Alberta linali la maola awiri, ndipo kuzimitsa sitovu kunali kokwanira kulithetsa. Dziko lonse la Zambia likanazimitsa magiza ndi mafiriji, mvula sikanagwa ku Barotse. Ndalama imene sitinapereke ku petulo caka cimeneco inagula solar, inverter ndi batire ya lithium ya amai. Batire yao ndi msuweni wa yanga, ndipo pa madigiri a ku Lusaka imagwira nchito mosadandaula.

Nthawi zina ndikaima pa loboti ndimaganiza za zimene zili pansi pa mpando wanga. Motoka ya malaiti imadya mkuwa woposa kawiri wa ya petulo, mu mota, m'mawaya, mu batire. Zambia ndi yaciwiri mu Africa pokumba mkuwa, pambuyo pa DR Congo, ndipo cobalt yambiri ya dziko lonse lapansi imacokera tsidya la Kasumbalesa. Mu April 2022 maiko awiriwa anasainirana ku Lusaka pangano lakuti ayambe kupanga okha zinthu za mabatire m'malo mongotumiza miyala. Amalume anga anagwira pansi pa mgodi ku Chingola zaka 22 ndipo sanakhalepo ndi motoka. Sindinganene kuti mkuwa wa mu yanga ndi wao, mkuwa ukasungunuka ulibe dzina. Koma ana a m'kalasi akandifunsa kuti Zambia ili kuti, sindiyamba ndi Victoria Falls. Ndimawauza kuti atulutse mafoni ao.

Mng'ono wanga Mabvuto amayendetsa taxi ku Lusaka, ndipo atamva kuti boma lacotsa msonkho wa pa boda pa mamotoka a malaiti kuyambira mu 2024, anayamba kunditumira zithunzi usiku uliwonse. “Akulu, iyi bwanji? Nanga iyi?” Ndinamuuza kuti mdani wanga wamkulu iye sadzamuona. Ku Lusaka nambala ija siidzatsika theka, hita sadzaifuna, ndipo mu jamu ya pa Lumumba Road motoka ya malaiti imadya pang'ono kwambiri pamene ya petulo ikuwotcha ndalama itaima. Cimene batire imadana naco kwathu ndi kutentha kwa October, kumene kumaikalambitsa msanga ngati ilibe makina oiziziritsa, ndiye tumamotoka twakale tochipa tocokera ku Japan tufunika kutuyeza bwino. Kenako ndinamufunsa mafunso amene ndimafunsa obwera kumene kuno. Udzachaja kuti? Nyumba ndi ya lendi, mita ndi imodzi ya mabanja anayi, ndani adzavomera kuti mayuniti ake alowe mu taxi yako? Malaiti akabwera 01 hours n'kupita 04 hours, udzanyamula anthu angati? Ikafa, makanika wa ku Garden adzaitsegula?

Anakhala masiku atatu osayankha. Kenako anatumiza cithunzi ca Toyota Aqua yoyera, ya petulo ndi batire pamodzi, iye ataitsamira atavala magalasi akuda. Pansi pake analemba kuti, “Akulu, theka lanu, theka langa.” Ndalama ya inshuwalansi anapempha kwa ine.